Masentimita Awiri a Namphulusa

Hatchi siyezedwa kumutu. Mutu wake sukhala malo amodzi: ikamva kanthu imaudzutsa, ikaona udzu imauweramitsa, moti woyeza pamenepo angamapeze nambala yatsopano mphindi iliyonse. Poyezera pake ndi pamene khosi limathera n'kuyamba msana, pakalinunda kolimba kamene kali pamwamba pa mapewa, patsogolo pang'ono pa pokhala chishalo. Ukakhudza pamenepo umamva mafupa a msana atatumphuka pansi pa chikopa. Kuchokera pamenepo kutsika molunjika mpaka pansi, umenewo ndiwo msinkhu wa hatchi. Izi ndinaziphunzira nditangoyamba ntchito, ndipo ndinazigwira bwino. Chimene sindinaphunzire ndi kawerengedwe ka nambala yotuluka pa ndodo yoyezera, ndipo n'chimene chinagwetsera m'mavuto ine, mwana wa eni, ndi chiweto chimene chinkandikhulupirira.

Ndinakulira ku Dedza, komwe chiweto chachikulu chimene mwana amachidziwa ndi ng'ombe kapena bulu wa pangolo. Ku England ndinabwera motsatira mayi a kunyumba, amene ndi namwino, ndipo ntchito imene ndinapeza inali pakhola la mahatchi m'mudzi wina wa ku Gloucestershire: kupala ndowe, kuthira madzi, kupesa, kutulutsa ziweto m'mawa ndi kuzilowetsa madzulo. Mwini kholalo anali mayi wachikulire wamasiye. Ankagula maponi aang'ono ku Ireland, n'kuwaphunzitsa kunyamula mwana ndi kudumpha zotchinga, kenako n'kuwagulitsa. Atamva kuti kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndinkakonda masamu, anayamba kundipatsa mabuku a ndalama, makalata a ogula, ndi zolemba zotsatsa malonda pa intaneti. Ndinanyadira kwambiri. Munthu amene wachoka pabolodi n'kukagwira fosholo ya ndowe amaona cholembera ngati chambwezera ulemu wake.

Pakholapo panali ndodo yoyezera ya malemu amuna awo. Kungoiona unkati ndi ndodo wamba yoyendera, koma ukakoka chogwirira chake munkatuluka kathabwa kolembedwa manambala, ndipo pamwamba pake pankatambasuka kamkono kokhala ndi levulo, kaja kabotolo kamene amisiri omanga nyumba amaonera ngati khoma lawongoka. Umaimika ndodoyo pambali pa mwendo wakutsogolo, n'kutsitsa kamkonoko mpaka kakhudze kalinunda, n'kuonetsetsa kuti kampweya ka m'levulo kali pakati. Ndodo za masiku ano zimakhala ndi masentimita mbali ina. Iyi inali yakale, inali ndi manja ndi mainchesi basi.

Manja ndiwo muyezo wa mahatchi ku Britain, ku Ireland, ku America, ku Canada, ku Australia ndi ku South Africa. Dzanja limodzi ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10.16, ndipo chiyambi chake ndi kupingasa kwa chikhatho cha munthu. Poti zikhatho n'zosiyana, boma linachita kulowererapo. M'nthawi ya mfumu Henry VIII, amene ankafuna mahatchi akuluakulu a nkhondo, munatuluka lamulo mu 1540 loletsa hatchi yamphongo yosakwana manja 15 kumadya ndi zazikazi m'madambo a anthu onse m'zigawo zambiri za England, ndipo dzanja la m'lamulolo linali la mainchesi 4. Mfumuyo inapita kalekale, nkhondo za pamahatchi zinatha, koma dzanja lidakalipo pakamwa pa aliyense wogwira ntchito m'makola. Ine ndinaloweza 10.16 ija n'kuganiza kuti nkhani yonse ndaimaliza.

Namphulusa ndi dzina limene ndinkamutchula ndekha chifukwa cha mtundu wa ubweya wake. Dzina la pa chiphaso chake linali lina. Anali poni yaikazi ya mtundu wa Connemara, wa kumadzulo kwa Ireland, wazaka zisanu ndi chimodzi, wofatsa, wodumpha mosanyinyirika. Pa ziweto zonse za pakholapo iye ndi amene anayamba kundizolowera. Ndikawerama kuti ndimuchotse timiyala m'chiboda, ankatukula mwendo ndisanaugwire n'komwe.

Nyengo yachisanu itayandikira, abwana anagonekedwa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno. Asanapite anandiuza kuti, “Yotuwayo yakonzeka. Muiyeze, muijambule, muilengeze. Ogula akabwera muwaonetse zonse, musabise kanthu.” Ndinachita zonse mosamala. Ndinamutulutsa m'khola, popeza pa utuchi miyendo imamira, n'kumuimika pasimenti yosalala. Miyendo yakutsogolo ndinaiika pamzere umodzi, ndinadikira kuti atsitse khosi, ndinayang'ana levulo. Ndodo inaonetsa manja 14 ndi kamzere kachitatu. Ndinalemba m'buku monga ndinkaonera abwana akulembera: 14.3. Mpaka pamenepo panalibe cholakwika.

Polemba chilengezo ndinaganiza zothandiza ogula powapatsa msinkhuwo m'masentimita, muyezo umene mabungwe a mpikisano amagwiritsa ntchito masiku ano. Ndinatenga foni, n'kuchulukitsa 14.3 ndi 10.16. Inatuluka 145.3. Ndinalemba kuti poniyo ndi ya masentimita 145, ndipo manja aja sindinawalembe n'komwe, poona ngati ndi zachikale zosafunika kwa wogula.

Amene anaimba foni anali bambo wa ku Poland, woyendetsa lole, amene anakhala ku England zaka zambiri. Kwawo, monga ku Germany ndi ku France, mahatchi amayezedwa m'masentimita, ndiye nambala yangayo anailandira monga inalili. Anafunsa funso limodzi kawiri konse: “Bambo, mukutsimikiza kuti siipitirira 148?” Ndinayankha ndi mtima wonse kuti pali danga la masentimita atatu, asade nkhawa.

Nambala ya 148 ndiyo mpanda wolekanitsa poni ndi hatchi m'mipikisano. Bungwe loyendetsa masewera a mahatchi padziko lonse, FEI, limene likulu lake lili ku Lausanne, limati poni ndi imene siipitirira masentimita 148 yopanda nsapato zachitsulo, kapena 149 itavala. Mwachingelezi chakale malirewo anali manja 14 ndi mainchesi 2. Ku Britain mipikisano ya ana yodumpha zotchinga inagawidwa potengera msinkhu wa poni: 128, 138 ndi 148, ndipo mwana amakwera m'gulu la maponi mpaka chaka chimene akwanitsa zaka 16. Cholinga chake n'chabwino ndithu, kuti mwana wa pakaponi kakang'ono asapikisane ndi mnzake wa pachinyama cha miyendo yaitali. Koma zotsatira zake pamsika n'zoopsa. Poni yodumpha bwino imene ili pa 148 yeniyeni ndi chuma, popeza ndi yaikulu kuposa zonse zimene lamulo limalola. Yomweyo ikangodutsa ndi sentimita imodzi, imatuluka m'gulu la ana n'kukapikisana ndi mahatchi aakulu, kumene imakhala yaing'ono kuposa onse, ndipo mtengo wake umagwa.

Banjalo linabwera Loweruka, bambo, mayi ndi mtsikana wazaka 13. Mayiyo ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Sanali anthu a ndalama, ndipo sanali anthu okulira m'makola oti n'kuona msinkhu wa chiweto ndi diso lokha. Mtsikanayo anaphunzira kukwera pa maponi obwereka, ndipo makolo ake anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti zaka zitatu zimene zinamutsalira m'gulu la ana akwere yakeyake. Atakwera Namphulusa n'kudumpha naye kangapo, anatsika, n'kukumbatira khosi lake osanena kanthu. Dokotala wa ziweto amene anamutuma anamvetsera mtima, anaona maso, mano ndi miyendo, n'kunena kuti chiwetocho n'chathanzi. Kutsimikiza msinkhu sinali ntchito imene anamutumira. Analipira, ananyamula. Ine madzulo ake ndinaimbira abwana kuchipatala ndi chimwemwe.

Sipanapite nthawi yaitali bambo uja anaimbanso, mawu ake ali gwa. Mphunzitsi wa mwana wawo atangoiona poniyo anakayikira, anatenga ndodo yake, n'kupeza pafupifupi 150. Ine ndinakana. Ndinati ndodo ya mphunzitsiyo ndiyo yolakwa, kapena anaiyezera potsetsereka. Ndinawawerengera masamu anga pafoni pomwepo, pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana a Sitandade 7. Kenako foni anailandira mphunzitsiyo, mayi wolankhula modekha.

“Bambo, pandodo yanu munawerenga chiyani?”

“14.3, mayi.”

“Ndiye ndodo yanu ndi yanga zikugwirizana. Kadontho kameneko si ka magawo khumi. Nambala ya kumanja kwake ndi mainchesi. Manja 14 ndi mainchesi 56, kuwonjezera 3 ndi 59. Chulukitsani 59 ndi 2.54.”

Ndinachulukitsa. Inatuluka 149.86. Kukhosi kunandiuma.

Kalembedwe kameneka kali ngati ka wotchi. Tikalemba 2.30 tonse timadziwa kuti ndi hafu pasiti thu, sitiganiza kuti ndi maola awiri ndi magawo atatu a magawo khumi. Pamanja napo n'chimodzimodzi, kungoti dzanja limadzaza pa mainchesi 4. Pakatha 14.1 pamabwera 14.2, kenako 14.3, kenako 15. Kulibe hatchi ya 14.4 kapena 14.5, ndipo amene walemba choncho pachilengezo amadziulula yekha kuti ndi mlendo. Theka la dzanja limalembedwa .2, osati .5. Ndiye hatchi ya 15.2 ndi ya mainchesi 62, masentimita 157.5. Pakatsala theka la inchi amalilemba padera, monga amalembera msinkhu wa Sampson, hatchi ya mtundu wa Shire yobadwa mu 1846 ku Bedfordshire, imene imatchulidwa kuti ndiyo yaitali kuposa zonse zimene zinayezedwapo: 21.2 ndi theka, pafupifupi masentimita 220. Foni yanga inatenga .3 ija ngati inchi imodzi ndi kachidutswa, pomwe anali mainchesi atatu athunthu, ndipo masentimita anayi ndi theka anasowera pamenepo. Chimene chimandipweteka n'chakuti yankho linali pamaso panga nthawi yonseyi. Pandodo ija, pakati pa 14 ndi 15 panali timizere titatu tokha, osati tisanu ndi tinayi. Ndinkationa tsiku ndi tsiku.

Usiku umenewo ndinawafotokozera mayi a kunyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Abambo, kuwodi kwathu kadontho kamapha munthu. N'chifukwa chake mankhwala ena sitipereka tisanaitane mnzathu kuti awerengenso. Mawa muwaimbire abwana anu, muwauze zonse, ndalama za anthuwo zibwezedwe.” Ndinavomera pakamwa. Kukacha sindinaimbe. Ndinkaopa ntchito, ndinkaopa manyazi, ndiponso ndinkadziuza kuti munthu amene wangochitidwa opaleshoni safunika kumusenzetsa nkhawa. Chifukwa chachitatuchi ndicho ndinkachikonda, poti chinkaoneka ngati chifundo.

M'malo mwake ndinapangana ndi bambo uja. Ndinamukumbutsa kuti ndodo zathu ziwirizi si zimene zimaweruza. Ku Britain msinkhu wovomerezeka umaperekedwa ndi bungwe la Joint Measurement Board, kudzera mwa madokotala a ziweto osankhidwa, pamalo asimenti okonzedwa mwapadera kuti akhale osalala, chiweto chitavulidwa nsapato. Namphulusa tinamuyeza atavala nsapato, ndipo nsapato zimawonjezera pafupifupi sentimita imodzi. Ndinapempha kuti andibwezere poniyo kwa milungu ingapo ndiikonzekeretse, osandilipira chilichonse. Bamboyo anavomera, osati chifukwa chondikhulupirira, koma chifukwa mwana wake anali akulira usiku uliwonse.

Chiyembekezo changa sichinali chopanda maziko konse, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chodabwitsa chokhudza thupi la hatchi. Ife anthu tili ndi fupa lopingasa pansi pa khosi limene limalumikiza phewa ndi chifuwa. Hatchi ilibe fupa limeneli. Miyendo yake yakutsogolo sinalumikizidwe ndi msana ndi fupa lililonse. Chifuwa chonse chimachita kulendewera pakati pa mapewa awiri, chogwiridwa ndi minofu yokha. Ikachita mantha kapena kuzizidwa, minofuyo imakungika n'kukankhira chifuwa m'mwamba, kalinunda kaja n'kukwera. Ikamasuka, chifuwa chimatsikira pakati pa mapewa. N'chifukwa chake hatchi imodzimodziyo imatha kusiyana ndi sentimita kapena kuposerapo pakati pa m'mawa ndi madzulo, kwawo ndi kuchilendo. N'chifukwa chakenso oyeza ovomerezeka amaipatsa nthawi yoti ikhazikike asanatsitse kamkono, ndipo maponi aang'ono amawayeza chaka ndi chaka mpaka atasiya kukula, poti mafupa a msana ndiwo amamaliza kukhwima, miyendo itamaliza kale.

Ndiye ndinayamba ndi zololedwa. Mmisiri wa ziboda anabwera, anachotsa nsapato, anadula ziboda monga mwa nthawi zonse. Ndinagula ndodo yatsopano ya masentimita. Tsiku lililonse ndinkamuimika Namphulusa pasimenti, kumusisita pakhosi, kumulankhula m'Chichewa, kumuika kamkono pakalinunda n'kukachotsa, mpaka anasiya kusamala nako. Nambala inatsika. Inafika pa 149, kenako pansi pake pang'ono. Madzulo ena atatopa ndi kuyenda, atatsitsa khosi, ndinawerenga 148.6. Ndipo inaima pomwepo. Ndinayesa m'mawa, masana, atadya, asanadye. Mamilimita asanu ndi limodzi amenewo sanasunthe.

Ndinaitananso mmisiri uja n'kumupempha kuti adulenso pang'ono. Anali bambo wamkulu, wa manja okhakhala, wosakonda zolankhulalankhula. Ananyamula mwendo wakutsogolo, anakanikiza pansi pa chiboda ndi chala chachikulu, n'kuutsitsa. “Achimwene, ine ndimadula potengera phazi, osati potengera ndodo. Apa palibe chotsala choti ndichotse.” Anandionetsa ndi chala. Khoma la chiboda lili ngati chikhadabo, silimva kupweteka, koma ndi lochepa. Pansi pake pali chikhatho cha phazi, chimene ndi chopyapyala, ndipo kuseri kwake kuli mnofu wamoyo wodzaza magazi ndi mitsempha, wokuta fupa lomaliza la mwendo. Khoma ndi limene liyenera kusenza thupi. Ukalifupikitsa kwambiri, kulemera konse kumagwera pachikhatho chopyapyalacho. Ndipo chimene wachotsa m'mphindi zisanu chimatenga nthawi kubwerera, chifukwa chiboda chimakula osakwana sentimita imodzi pamwezi.

M'makola mumamveka nkhani za zimene anthu ena amachita kuti poni ilowe pansi pa mzere: kuimana madzi, kuithamangitsa mpaka itafooka, kuipatsa mankhwala ogonetsa, ngakhale kuibaya pakalinunda kuti iphunzire kunyonyomala ikamva ndodo. Zonsezi n'zoletsedwa, ndipo pozimva ndinkanyansidwa nazo kuchokera pansi pa mtima. Ndinkati amenewo ndi anthu a dyera, ine ndine wina. Ndikulemba izi kuti owerenga adziwe kuti sindinachite zotsatirazi mwa umbuli. Kadontho kaja ndinalakwitsa posadziwa. Ichi ndinachichita nditauzidwa, nditaonetsedwa ndi chala.

Usiku woti mawa lake tikayezetse, nditamaliza kudyetsa ziweto, ndinatenga tupa wa ziboda amene ankasungidwa m'chipinda cha zishalo. Ndinadziuza kuti ndingosalaza pang'ono, mamilimita atatu uku, atatu uku, ngakhale kuti masamu omwewo ankandiuza kuti kutsitsa kalinunda ndi mamilimita asanu ndi limodzi kumafuna kuchotsa onsewo paphazi lililonse. Nditawerama, Namphulusa anatukula mwendo yekha monga mwa chizolowezi chake. Ndinapala. Ndinamutulutsa pasimenti, ndinayeza, ndinabwerera, ndinapalanso. Pamene ndodo inkaonetsa 148, pansi pa chiboda chakumanzere panali pataoneka kofiirira, ndipo ndinazimitsa tochi kuti ndisakaonenso.

M'mawa pomukweza m'ngolo ya galimoto anayenda bwino pa utuchi, koma atafika pamiyala ya pabwalo anayamba kuponda mosamala, mofupikitsa mapazi, mutu ukugwedera. Ndinaona. Ndinamukwezabe.

Kumalo oyezerako tinapeza bambo uja ndi mwana wake atafika kale. Dokotala woyeza anali mayi wa zaka zapakati. Anayamba ndi kuyendetsa kamakina pakhosi pa Namphulusa kuti awerenge kachipangizo kodziwitsa chiweto kamene kamaikidwa pansi pa chikopa, n'kuyerekeza nambala yake ndi ya pa chiphaso. Kenako anati ndimuyendetse pasimenti, kupita ndi kubwera. Sindinafike n'kumapeto komwe.

“Imani pomwepo, bambo.”

Ananyamula mwendo wakumanzere, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Anatenga chopanira chachitsulo n'kufinya pang'ono pachikhatho, ndipo Namphulusa anadzidzimuka thupi lonse n'kukoka mwendo. Anaonanso wakumanja. Ndodo yake yoyezera inali itatsamira khoma, ndipo sanaikhudze.

“Poni iyi sindiyeza. Ikumva ululu. Mmisiri wake ndani?”

Apa mpata wonamizira munthu wosalakwa unali pakamwa penipeni, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinautenge, chifukwa ukanamuwonongera ntchito bambo amene anandikaniza. Ndinati, “Si mmisiri, mayi. Ndine.”

Sanakalipe. Anandiuza mosapita m'mbali kuti ku England kuli lamulo loteteza ziweto la 2006, kuti kuzunzitsa chiweto popanda chifukwa ndi mlandu, ndi kuti alembera kalata mwini khola yofotokoza zimene waona. Analemba mankhwala ochepetsa ululu, n'kundiuza kuti ndimuike pa utuchi wochindikala, ndimukute mapazi, asaponde polimba mpaka dokotala wa pakhola lathu atalola. Nthawi yonseyi mtsikana uja anali atagwada pafupi ndi mwendo wa Namphulusa. Anatembenuka n'kundifunsa, “Amalume, munamupweteka chifukwa cha ine?” Ankanditchula choncho kuyambira tsiku logula lija. Ndinamuyankha kuti ayi, ndinachita chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito. Bambo ake anamugwira paphewa n'kupita naye kugalimoto.

Abwana anali atatuluka m'chipatala, akuchira kwa mwana wawo wamkazi, ndipo ndinapita komweko tsiku lomwelo kalata ya dokotala isanafike. Ndinafotokoza kuyambira pa foni ndi 10.16 mpaka pa tupa. Nkhani ya kadontho anangoipukusira mutu. Anati alipo ambiri obadwira ku England konkuno amene amalemba 14.5 pa zilengezo, ndipo ndikanawaimbira tsiku lomwe lija akanabweza ndalama, nkhani n'kuthera pomwepo. Nditafika pa tupa anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa za mapazi okha: kofiirirako kanali kotani, kutentha kulipo kapena ayi, akudya kapena sakudya.

Ndinayesa kunena kuti mzere wa 148 ndi wankhanza, kuti chiweto chabwino chotere chisamatayidwe chifukwa cha mamilimita. Anandidula. Anati mzerewo ndi wa anthu ndithu, chilengedwe sichiudziwa. Mahatchi a ku Iceland ambiri sakwana 14.2 koma eni ake sawatcha maponi. Hatchi ya Chiarabu ya 14.1 ndi hatchi basi. Zimene amakwera osewera polo zimapitirira manja 15 koma mpaka lero amazitcha maponi. Tiponi ta ku Shetland satiyeza n'komwe m'manja, amatiyeza m'mainchesi, ndipo malire ake ndi 42. “Koma mpikisano wa ana uyenera kukhala ndi mzere penapake,” anatero, “ndipo paliponse pamene mungauike padzakhala poni yodutsa ndi pang'ono. Ya Connemara yopitirira msinkhu si tsoka. Ndagulitsapo zambiri kwa akuluakulu. Imeneyi inalibe vuto lililonse mpaka usiku wathawu.” Pamenepa ndimagwirizana nawo tsopano, ngakhale kuti ndimaonabe kuti ndalama zimene anthu aunjika pa nambala imodziyi ndi zimene zimaika tupa m'manja mwa antchito a m'makola ambiri, ndipo amene amamva ululu wake si amene amalandira ndalamazo.

Banja lija analibwezera ndalama zonse, kuphatikizapo za dokotala ndi za mayendedwe. Ntchito sanandichotse, zimene mpaka lero sindizimvetsa bwino, koma mabuku ndi zilengezo anandilanda, ndipo chipinda cha zida za ziboda anachiika loko. Ntchito yosamala mapazi a Namphulusa anandipatsa ine: kutsuka, kukuta, kumuveka nsapato zamphira, kukhudza ziboda m'mawa ndi madzulo kuti ndimve ngati zatentha. Phazi lakumanzere linachita mafinya mkati, ndipo dokotala anachita kuboola kuti atuluke. Kwa nthawi ndithu, ndikawerama ankabweza mwendo n'kuuponda pansi mwamphamvu. Mmisiri uja atabwera kudzaona, sanandinene chilichonse. Anangondiuza kuti ndigwire chingwe.

Ziboda zitakula n'kudulidwa bwino, m'nyengo ya dzuwa, anamuyeza mwalamulo wopanda nsapato ndipo anapezeka ndi masentimita 149. Anagulidwa ndi mayi wina wa ku Herefordshire, wamfupi thupi, amene ankafuna chiweto chofatsa choyenda nacho m'tinjira ta m'minda ndi kudumpha nacho mwa apo ndi apo m'mipikisano ya m'mudzi, kumene palibe amafunsa za msinkhu. Ndimamva kuti ali bwino ndipo satsimphina.

Mtsikana uja anataya nyengo yonse ya mipikisano. Anapempha makolo ake kuti amutenge Namphulusa ngakhale atapitirira, koma ndalama zinali za chiweto chimodzi, ndipo mphunzitsi wake analangiza kuti asataye zaka zake za m'gulu la ana. Patapita miyezi anapeza poni ina yokulirapo zaka, ya 14.1, yokhala kale ndi satifiketi ya msinkhu. Ndinalembera bambo ake kalata yopepesa, ndipo sanayankhe. Mtengo umene mayi wa ku Herefordshire analipira unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi woyamba uja, ndipo pamwamba pake panali mabilu a dokotala. Abwana anati za kadontho asenza okha, poti ndi iwo amene anandipatsa ndodo osandiphunzitsa kuwerenga kwake, koma za mapazi ndi zanga. Amadula pamalipiro anga mwezi ndi mwezi, ndipo ngongoleyo sinathe.